Aeneid ya Virgil yomasuliridwa ndi Robert Fagles: nyenyezi 4 mwa 5

Bukuli ndinaligula m'mwezi wa Meyi kwa munthu wina wogulitsa mabuku akale pa intaneti, ndipo ndalimaliza sabata yatha. Wogulitsayo analemba kuti lili ngati latsopano, koma litafika, patadutsa masabata awiri kuchokera tsiku lomwe tinagwirizana, ndinapeza chikuto chakumbuyo chopindika ndipo mwini wake woyamba anadula mizere ndi bolopeni yofiira gawo lachinayi lonse. Nyenyezi imodzi ndachotsera zimenezo. Zolembedwa m'katimo sindikuzichotsera kanthu.

Ndakatuloyi inalembedwa m'Chilatini ndi Virgil, mlakatuli wa ku Roma yemwe anabadwa pafupi ndi Mantua m'chaka cha 70 Yesu asanabadwe, n'kumwalirira ku Brundisium m'chaka cha 19 Yesu asanabadwe, asanaimalize kuikonza. Akuti anapempha kuti iotchedwe, koma mfumu Augustus inakana, anzake a Virgil awiri, Varius ndi Tucca, n'kuitulutsa. Ili ndi zigawo 12, mizere pafupifupi 10,000. Chingelezi cha Fagles chinatuluka mu 2006, ndipo mawu oyamba analemba ndi Bernard Knox. Musawadumphe mawu oyambawo. Ine ndinawadumpha, ndipo nditafika gawo lachitatu ndinabwerera chifukwa sindinkamvetsa chomwe Aroma ankadanirana ndi mzinda wa Carthage. Kumbuyo kuli mndandanda wa mayina ndi katchulidwe kake, womwe unandithandiza kwambiri chifukwa mayina alimo ankhaninkhani. Amene mukugulira mwana wophunzira Chilatini, monga amachitira ku Kamuzu Academy, dziwani kuti Chingelezichi n'chotalikirapo, choncho manambala a mizere sagwirizana ndi a Chilatini. Koma powerenga mokweza chimayenda bwino zedi. Nthawi zambiri Fagles amafotokoza ngati zinthuzo zikuchitika panopa, moti umangoona utsi wa Troy m'maso.

Nkhani yake ndi ya Aeneas, amene anathawa mzinda wa Troy ukuyaka, milungu itamuuza kuti zinalembedwa kuti akayambitse mtundu watsopano ku Italy. Gawo lachiwiri ndi limene linandigwira poyamba. Aeneas akusenza bambo ake okalamba, Anchises, pamapewa, mwana wake Ascanius wamugwira dzanja, mkazi wake Creusa akubwera m'mbuyo. Ine ndikusamala bambo anga omwe sathanso kuyenda okha, ndiye ndimadziwa kulemera kwa munthu amene anakubereka ukamunyamula kupita naye kubafa. Ndinaika buku pansi. Koma nditalitenganso ndinaona chomwe ndinachiphonya: Creusa anasowa m'njira, ndipo mwamuna wake anazindikira atafika kale kunja kwa mzinda. Anabwerera kukamufunafuna, inde, akufuula dzina lake m'misewu, koma anangokumana ndi mzimu wake. Bambo anapulumuka, mwana anapulumuka, amene anatsala ndi mkazi. Zimenezi zimabwerezabwereza m'buku lonse, ndipo ndikukhulupirira kuti Virgil anachita dala.

Aroma anali ndi mawu akuti pietas, kutanthauza udindo wa munthu kwa milungu, kwa makolo ndi kwa dziko lake. Aeneas amatchedwa munthu wa pietas kuyambira koyambirira. Ndinkayembekeza kuti bukuli lingomutamanda. Ayi ndithu. Likukuonetsa udindowo, kenako likukuonetsa amene akulipira mtengo wake.

Apa ndi pamene Dido akubwera. Mayi ameneyu nayenso ndi wothawa kwawo. Mlongo wake Pygmalion anapha mwamuna wake Sychaeus chifukwa cha chuma, iye n'kuthawa ku Tyre, kukamanga Carthage m'dera lomwe lero ndi Tunisia. Analumbira kuti sadzakwatiwanso. Analandira alendo osweketsa zombo, anawapatsa malo, anawadyetsa. Ndiye milungu iwiri, Venus ndi Juno, aliyense ndi zolinga zake, inamukolezera chikondi mumtima. Tsiku losaka nyama mvula yamkuntho inawathamangitsira awiriwo m'phanga limodzi. Dido anati ndi ukwati. Aeneas, Mercury mthenga wa milungu atabwera kudzamukumbutsa za Italy, anayamba kukonza zombo mwakabisira, ndipo atafunsidwa anayankha kuti iye sanalonjeze ukwati, komanso kuti ku Italy sakupita mwa kufuna kwake.

Pamenepa ndinakwiya, ndipo mpaka pano mkwiyowo sunathe. Si kuchokako kumene kunandipweteka kwambiri, koma kubisako. Munthu amene anakudyetsa nyengo yonse yozizira, amve kwa ena kuti ukupakira? Komabe mlakatuliyo sakukulola kuti umutaye Aeneas. Akunena poyera kuti ankafuna kumutonthoza, kuti chikondi chinkamugwedeza mtima, koma anapitabe kuzombo. Dido anauza m'bale wake Anna kuti aunjike nkhuni zootchera katundu wa mwamunayo, anakwera pamwamba, n'kudzibaya ndi lupanga la Aeneas yemweyo. Asanafe anatemberera kuti m'mafupa ake mudzatuluke wobwezera. Mroma aliyense womva zimenezi ankaganiza za Hannibal, mkulu wa asilikali a ku Carthage yemwe anadzathira nkhondo Aroma. Mwini wake woyamba wa buku langali anadula mzere kawiri pamalo amenewa, ndipo ngakhale ndadandaula za bolopeni yakeyo, ndikumumvetsa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi, pomwe Aeneas akutsikira kudziko la akufa motsogozedwa ndi mlosi wamkazi wa ku Cumae, ndi lomwe ndaliwerenga katatu. Akukumana ndi Dido, bala lake lidakali laliwisi. Tsopano ndi pomwe akulira, akulumbira kuti anachoka mosafuna. Dido osayankha ngakhale liwu limodzi. Akuyang'ana pansi, kenako akutembenuka kupita kwa Sychaeus. Kukhala chete kumeneko kukuposa mawu onse amene Aeneas analankhula m'bukuli. Patsogolo pake, mzimu wa Anchises ukumuonetsa zidzukulu zomwe zidzabadwe, mpaka Augustus, ndi kumuuza ntchito ya Mroma: kulekerera ogonja ndi kuthyola odzikuza. Sungani mawu amenewo.

Anthu ambiri amathera apa. Zoona, gawo lachisanu ndi chiwiri lili ndi mndandanda wautali wa mafumu ndi asilikali umene unanditopetsa, ndipo nkhondo za ku Latium, dera la ku Italy komwe Aeneas anafikira, zimachuluka magazi. Koma limbikirani. Muli Nisus ndi Euryalus, anyamata awiri okondana omwe anafera limodzi usiku. Muli Lausus, yemwe anafa poteteza bambo ake ankhanza, Mezentius, ndipo Aeneas atamupha anamumvera chisoni poona udindo wa mwana kwa kholo, womwewo umene iye ankaudziwa. Muli Lavinia, mtsikana amene amuna onsewa akuphedwera, koma m'buku lonse salankhula kanthu.

Kenako mapeto. Turnus, mfumu yomwe ikulimbirana Lavinia ndi Aeneas, wagwa, wavulala ntchafu, watambasula dzanja. Akuvomera kuti wagonja, Lavinia amutenge, akungopempha kuti Aeneas akumbukire kuti nayenso anali ndi bambo okalamba, amubwezere kwa bambo ake Daunus, wamoyo kapena mtembo. Aeneas akuzengereza, dzanja layamba kufooka. Ndiye akuona paphewa la Turnus lamba wa Pallas, mnyamata amene bambo ake, mfumu Evander, anamuikiza m'manja mwa Aeneas, yemwe Turnus anamupha. Mkwiyo ukumuyaka, akumubaya pachifuwa, ndipo ndakatulo ikuthera pomwepo, mzimu wa Turnus ukuthawira kumdima. Palibe ukwati, palibe mzinda womangidwa. Ndinatembenuza tsamba kufuna zina, ndinangopeza mawu a womasulira. Bambo a Aeneas anati alekerere ogonja, koma iye analinso ndi ngongole kwa Evander. Maudindo awiri anawombana, ndipo ine sindikuona kuti anasankha bwino.

Ngati mukufuna nkhani yachikondi yothera pabwino, musagule. Ngati munasiyapo munthu chifukwa cha makolo, ntchito kapena ana, kapena ndinu amene munasiyidwa, guleni, koma muuzeni wogulitsa akutumizireni zithunzi za masamba am'kati musanalipire. Langali ndayamba kuwawerengera bambo madzulo, ndikumasulira m'Chichewa pang'onopang'ono. Tili pagawo lachiwiri, ndipo dzulo anandifunsa chifukwa chake mkaziyo sanamuike patsogolo.