Carambola patatha miyezi 20: kubereka akubereka, koma sindiwonjezera

Papita miyezi 20 chibzalireni mbande 12 za carambola, chipatso chija chimaoneka ngati nyenyezi ukachidula mopingasa. Kwawo kwa mtengowu ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia. Ndinatenga mitundu iwiri yomezanitsa, Arkin ndi Fwang Tung, kuti ndione ngati ingakhale mbewu yogulitsa.

Pa kabalidwe ndilibe dandaulo. Chaka chitangotha timaluwa tofiirira tinatuluka m'nthambi, njuchi zili piringupiringu, ndipo pano ndakolola kawiri. Ndiye ubwino wa mbande zomezanitsa. Zanjere zimachedwa, komanso ukhoza kudikira zaka n'kupeza chipatso chowawasa.

Chandisowetsa tulo ndi mphepo. Mitengo inayi ya m'mphepete inayoyoka masamba n'kutsala mbulanda, nsonga zake n'kuyamba kuuma. Iwiri inafa. Poyamba ndinkati ndi matenda, ndinapopera mankhwala pachabe. Kenako ndinaona kuti yapakati, yomwe imabisala kuseri kwa nthochi, ili bwinobwino. Ndikanadziwa, ndikanayamba ndi mitengo yotchinga mphepo, carambola n'kubwera pambuyo. Chilala nachonso carambola sachipirira, choncho kuthirira ndi kuphimbira patsinde sikudumphitsa. Kumtunda kwa munda, komwe nthaka ili ndi laimu wambiri, masamba anachita chikasu mpaka nditathira feteleza wa ayironi ndi zinki.

Pokolola mpamene ndinaphunzira zambiri. Chipatsochi chikachoka mumtengo sichiwonjezeranso shuga. Ukathyola chobiriwira chimasanduka chachikasu ndithu, koma kukoma kumakhala komwe kuja. Ukati udikire chipse bwino, nthiti zake zisanu, zija zimapanga nsonga za nyenyezi, zimafewa, ndipo zikangokhulana mudengu zimada m'mbali. Wogula amayamba kudya ndi maso, chakuda nthiti amachibweza ngakhale m'kati chili chabwino. Tsopano ndimathyola chikasu chikakwanira koma m'nthiti mukadali kobiriwira pang'ono, n'kuyala mzere umodzi osasanjikiza. Ntchentche za zipatso nazo sizigona. Ndimakulunga chipatso chilichonse m'kapepala chikadali chaching'ono, ntchito yoti pa mitengo 10 imatheka, koma pa mitengo 200 ingafune antchito.

Pa kakomedwe, Fwang Tung ndi amene ndimamukonda, koma Arkin amapirira ulendo.

Pali chinthu chimene ndimauza aliyense ndisanam'patse: wodwala impso asalawe n'komwe. Chipatsochi chili ndi asidi wambiri wotchedwa oxalic acid komanso caramboxin, poizoni amene impso zathanzi zimachotsa koma zodwala zimalephera. Munthu amatha kusanza, kusokonezeka mutu, kukomoka, ngakhale kufa kumene.

Mitengo 10 yatsalayi ndiisunga. Malo amene ndinakonza kuti ndiwonjezerepo ndabzalapo kaye mzere wotchinga mphepo, ndipo mbande zina ndidzaziganizira mzerewo ukandipitirira msinkhu.