Madala okonza maampu ku Limbe: ntchito yabwino koma mtima ukhale pansi

Ampu yanga ya hi-fi, chokuzira mawu chija cholumikiza ku masipika, yakale ndithu yomwe ndinagula kaunjika zaka zapitazo, ndinabwereketsa kwa mlamu wanga pa chinkhoswe cha mwana wake, ndipo pobwera inali itasanduka chidebe. Ukayatsa kamagetsi kofiira kamangophethira, pagalasi pamalembedwa PROTECT, ndipo kaphokoso kaja ka "thi" komwe relay (kaswitchi kolumikiza masipika) imapanga pakatha masekondi atatu kapena anayi sikamvekanso, masipika zii. Mlamu akuti sitinaipange kanthu aise, inangozima yokha gule ali mkati.

Ndinayamba kaye ndekha. Ndinazula mawaya onse a masipika kumbuyo poganiza kuti mwina tiwaya tina tagundana, ndinaisiya usiku wonse kuti izizire, m'mawa kuyatsa, chimodzimodzi. Apo ndinadziwa kuti vuto lili mkati.

Woyamba amene ndinamupititsira ndi mnyamata wina wa kwathu kuno wokonza mafoni ndi ma TV. Sanatsegule n'komwe bwinobwino, akuti bwana relay yafa, ndingoilumpha ndi waya muzimvera nyimbo lero lomwe. Mtengo wake unali wokoma koma mtima unakana, ndinanyamula katundu wanga kukwera minibasi ya ku Limbe komwe mnzanga wina anandilozera madala ena achikulire.

Malo awo musayembekezere zambiri, kachipinda kothina, mawailesi akufa mpaka kudenga, mpando wa kasitomala ndi sipika yakale. Koma mmene anagwirira ntchito ndi pomwe ndinagonja. Asanakhudze sikuludiraiva anandifunsa kuti mwanawe masipika analumikiza angati? Nditamuimbira mlamu anavomera monyinyirika kuti anayi mbali imodzi, kuti phokoso lifike kumsewu eti. Madala anangoseka. Akuti masipika anayi a 8 ohms ukawamanga onse pa mawaya amodzi chonchija amatsika kufika 2 ohms, pomwe kumbuyo kwa ampu kunalembedwa poyera kuti osatsika 4 ohms, ine zaka zonsezi sindinawerengepo.

Kenako anaika mita yawo pomwe mawu amatulukira asanafike pa relay. Mbali ya kumanja inali bho, koma ya kumanzere inawerenga 42 volts DC, anandionetsa ndi maso anga. Pamenepo pamafunika pakhale pafupi ndi ziro. Ndiye kuti relay inalibe mlandu, inkagwira ntchito yake yokana kulumikiza masipika ku moto umenewo. Nditawauza za mnyamata uja anagwira kukamwa, akuti akanailumpha, koyilo ya sipika yanu ikanapsa musanamalize n'kukhala pansi komwe.

Chomwe chinafa ndi transistor imodzi yayikulu ya 2SC5200 (kachida kokuza mphamvu ya mawu), karesisita koyera ka 0.22 ohms pambali pake kanali kataphulika mpaka kuda, ndi ka transistor kena kakang'ono koyendetsa yayikuluyo. Iwo anati asintha pamodzi ndi inzake 2SA1943 chifukwa ziwirizi zimayenda limodzi, imodzi ikafa inayo imakhala yatopa kale. Apa mpomwe tinachedwa. Akuti zomwe zadzaza m'mashopu zambiri ndi zabodza, zolembedwa Toshiba pamwamba koma mkati mulibemo, ndipo anatenga ina mu chitini chawo yomwe anaiswa kale ndi pulayazi kundionetsa kachitsulo ka mkati, kochepetsetsa ngati njere ya mapira. Zenizeni anachita kuzula mu ampu ina yakufa yomwe mwini wake anaitaya.

China chomwe chinandisangalatsa ndi babu. Atamaliza kuwotcherera sanalowetse pulagi kukhoma mwachindunji ayi, anadutsitsa moto mu babu lakale la 100 watts, lija lotentha la kawaya mkati. Linawala kamphindi n'kuzilala, iwo akuti tapulumuka, likanapitiriza kuwala ndiye kuti shoti ikadalipo ndipo babulo likanateteza zida zatsopanozo kuti zisapsenso. Amalisunga ngati dzira chifukwa masiku ano kulikonse ndi LED basi ndipo LED siigwira ntchito imeneyi. Kenako "thi", relay inalira. Mita inawerenga 14 millivolts, pafupi ndi ziro.

Tsopano zondinyansa. Anandiuza masiku atatu, inatha sabata ndi theka. Foni sayankha, ukaimba kasanu mwina ayankha kamodzi n'kukuuza kuti magetsi anathima mwanawe bwera mawa, ndipo mawa lakelo ndinapita kawiri pachabe, thiransipoti yanga kumangopita. Lisiti kulibe, amangomata kapepala ka dzina lako pa chivindikiro ndi selotepi. Pobweza anandipatsa ikusowa sikuluu imodzi ya pachivindikiro, mpaka pano chimagwedera bass ikamenya. Mtengo nawo sananditsitsire olo pang'ono, ndinayesa kulira, iwo akuti ukafuna wotchipa bwerera kwa wolumpha uja.

Patha miyezi iwiri ikuimba bwinobwino, imangofunda pang'ono ngati kale, ndipo anaipukuta fumbi lonse mkati n'kupaka mafuta oyera aja atsopano pa heatsink, chitsulo choziziritsa ma transistor, osandilipiritsa. Ndingabwerereko? Eya, ndili ndi CD player yomwe thireyi yake imakana kutuluka ndipo ndiwapititsira iwo omwewo, kungoti ulendo uno ndikaisiya ndiiwale mwezi wathunthu. Mlamu wayamba kale kufunsa za ukwati wa mu December, ndamuuza kuti ampu idakali kwa madala.