Ndemanga: servo ya 25 kg yosalowa madzi pa bwato lampikisano loyendera batire

Nyenyezi 4 mwa 5.

Servo ndi kamota kokhotetsa bwato laling'ono loyendetsedwa ndi rimoti. Iyi ndi ya digital, saizi wamba ija ya mamilimita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi. Magiya ake ndi achitsulo, chigoba chapakati ndi cha aluminiyamu, ndipo pabokosi panalembedwa 25 kg ndi IP67. Yatha nyengo yonse ya mipikisano ili m'bwato la mono (la thupi limodzi) loyendera batire la LiPo la 4S (la maselo anayi), ndipo mpaka pano ikugwirabe ntchito. Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha chilembo cha waterproof (yosalowa madzi), chimene chikulonjeza zambiri kuposa zimene servo ingachite payokha ngati mwiniwake sakuisamala.

Pa nkhani ya mphamvu ndilibe dandaulo. Koma 25 kg yolembedwayo muimvetse bwino: ndi mphamvu yoyezedwa pa sentimita 1 kuchokera pakati pa shafiti. Mukakola ndodo yokhotetsa bwato pa bowo limene lili pa masentimita 2 pa kamkono komangidwa pa shafiti ya servo, mwatsala ndi 12.5 kg. Ndiponso nambala yaikuluyo nthawi zambiri amayezera pa volteji yapamwamba imene servo imalola. Mukaipatsa 5V kapena 6V yochokera ku BEC (kagawo kotsitsa volteji ya batire) ya mu ESC (chowongolera liwiro la mota ya bwato), mphamvu imatsika ndipo liwiro limatsikanso. Opanga ena amalemba mphamvuyi mu oz-in. 1 kg-cm ndi pafupifupi 13.9 oz-in, ndiye musasokonezeke poyerekeza. Pa mono ya 4S mphamvu imeneyi ndi yokwana, yotsalanso. Tsigiro, kachitsulo kakumbuyo kokhotetsa bwato kaja, likakhala m'madzi pa liwiro lalikulu limakankhidwa mwamphamvu kuti libwerere pakati. Servo yofooka imagonja pakati pa kona, bwato n'kuyamba kutuluka panja pa mzere ngakhale chiwongolero cha pa rimoti mwachipinda mpaka kumapeto. Iyi sigonja.

Chimene ndachikonda kwambiri ndi mmene imabwerera pakati. Mukasiya chiwongolero, tsigiro limaima malo amodzimodzi nthawi iliyonse, kaya mwachokera kumanja kapena kumanzere. Pa bwato lothamanga ichi ndi chofunika kuposa liwiro la servo. Servo yoima mosiyanasiyana imachititsa bwato kuyenda chokhotakhota pamzere wowongoka, woyendetsa n'kumangokonza trim (kabatani ka pa rimoti kosunthira pamene tsigiro limaima) osadziwa kuti vuto lili mkati. Musanaimange iyeseni patebulo: mangirirani kamtengo ka masentimita 15 pa kamkono, ikani pepala pansi, lembani pamene nsonga yaima, ndiye muikhotetse uku ndi uku kakhumi. Nsonga izibwerera pachizindikiro chomwecho.

Tsopano za madzi, pamene pagona nkhani. IP67 imatanthauza kuti fumbi sililowa, ndipo chinthucho chinapirira chitamizidwa m'madzi akuya mita 1 kwa mphindi 30. Amenewo ndi madzi odikha, opanda mchere. M'bwato zinthu sizikhala choncho. Servo imatentha ikamagwira ntchito, kenako ikazizira mpweya wamkati umachepa n'kukoka chinyezi kudzera pampata uliwonse. Mipata yake ndi inayi: pakamphira kozungulira shafiti, pamene zigawo za chigoba zimakumana, potulukira waya, ndi m'mitu ya tibawuti tinayi tapansi. Pa servo iyi malo atatu omalizawo anamatidwa bwino. Pofooka ndi pashafiti, chifukwa kamphira kake kamakhuzika nthawi zonse ndipo girisi amene anaikapo ndi wochepa kwambiri. Chigoba chapamwamba chitatsegulidwa kumapeto kwa nyengo, beringi yapamwamba inali itayamba madontho ofiirira a dzimbiri, girisi wapafupi nayo atayera ngati mkaka. Bolodi ndi mota zinali zouma gwa. Choncho madzi analowa pang'ono, koma sanafike poopsa.

Mankhwala ake ndi osavuta. Musanamange kamkono, pakani girisi wa m'madzi mozungulira tsinde la shafiti, wokwanira kupanga kamkombero, ndipo muzibwereza mukamachotsa kamkonoko. Mukamaliza kuyendetsa, tsegulani chivindikiro cha bwato, tsanulani madzi, pukutani, musiye chotsegula usiku wonse. Bwato losungidwa chotseka lili ndi timadzi pansi ndi limene limapha servo, osati kugubuduzika kamodzi pa mpikisano. Ngati munali m'madzi amchere, tsukani ndi madzi abwino tsiku lomwelo.

Pulagi yake si yosalowa madzi, ndipo izi pabokosi sananene. Timapini titatu tija tikanyowa magetsi alipo timachita zobiriwira, servo n'kuyamba kunjenjemera, munthu n'kumaganiza kuti yafa. Ikani girisi wa dielectric (wosadutsa magetsi) mupulagi, ndipo risiva, kabokosi kolandira uthenga wa rimoti, ikhale pamwamba, osati pansi pa bwato pamene madzi amadikha. Mukaona kuti ikunjenjemerabe pulagi ili yoyera, ndiye kuti chinyezi chafika pa potentiometer yamkati, kachipangizo koyeza pamene shafiti yaima. Pamenepo musaikhulupirirenso pa mpikisano.

Magetsi imadya ndithu. Servo za digital zamphamvu chonchi zikakanizidwa kuyenda zimatha kukoka ma amp 2 kapena 3, nthawi zina kuposerapo. BEC yofooka ikalephera, volteji imagwa, risiva n'kuzima kwa kamphindi, ndipo bwato lili pa liwiro lonse kamphindi kameneko n'kokwanira kuliombetsa kumtunda. Chizindikiro chake mumachiona muli kumtunda komweko: gwirani tsigiro ndi zala, khotetsani mwachangu, muyang'ane kanyali ka pa risiva. Kakaphethira, BEC yachepa. Kapasita yolumikiza pa risiva imathandiza pang'ono, koma njira yodalirika ndi BEC yapadera ya 5A kapena kupitirira. Mukaika imeneyo, zulani waya wofiira pa pulagi ya ESC n'kuukulunga, kuti magwero awiri a magetsi asalimbane. ESC zolembedwa kuti opto zilibe BEC n'komwe. Ndipo musalumikize batire la 2S (la maselo awiri) mwachindunji ngati servo sinalembedwe HV (yolola volteji yaikulu) yofika 8.4V, chifukwa 2S yodzadza imafika pamenepo.

Kamkono kapulasitiki kamene kamabwera m'bokosi ndi kofewa, kamapindika mukakakanikiza ndi chala. Gulani ka aluminiyamu, koma muwerenge mano. Shafiti ya servo iyi ili ndi mano 25, monga za Futaba ndi Savox. Za Hitec zambiri zili ndi 24, za JR ndi Sanwa 23. Kamkono kolakwika kamatha kulowa mokakamiza, kenako kamapulumuka pakona. Kabawuti kapakati komangira kamkono kapakeni threadlock (guluu woletsa bawuti kumasuka) ya buluu, kadontho kamodzi basi, ndipo isakhudze pulasitiki chifukwa imaiswa.

Servo yabwino imaoneka yoipa ngati ndodo yopita ku tsigiro ili yosalongosoka. Ikhale yachitsulo ya mamilimita 3, yaifupi, yowongoka, yokhala ndi ball link (polumikizira pa kampira) mbali zonse. Mipikisano ya oval ya NAMBA ndi IMPBA, mabungwe a mipikisano ya mabwato otere ku North America, imazungulira chakumanja, ndiye ngati malo alola, konzani kuti pokhotera kumanja servo izikoka ndodo m'malo moikankha, popeza ndodo yokankhidwa ndi imene imapindika. Pamene ndodo ikutulukira kumbuyo kwa bwato ikanipo kamphira kamakwinya kaja, muli girisi pang'ono mkati, ndipo muziyang'ana ngati kang'aluka. Madzi ambiri opezeka pafupi ndi servo amalowera pamenepo.

Pomanga, yatsani rimoti ndi risiva, trim ikhale pa 0 kuti servo iime pakati, kenako muike kamkono mopingasa ndi ndodo. Chepetsani EPA (malire a kukhota pa rimoti) mpaka tsigiro lizikhota madigiri 25 kapena 30 mbali iliyonse. Kupitirira pamenepo tsigiro limasanduka buleki, ndipo bwato limatha kutembenuzika. Mukamva servo ikulira mosalekeza ili kumapeto, ndiye kuti ndodo yagunda penapake ndipo mota ikulimbana ndi chinthu chosasuntha. Kulira kwapansipansi kwa digital n'kwachibadwa, koma kulira kobwera ndi kutentha kwa chigoba ayi.

Magiya achitsulo ali ndi kuipa kwake kumodzi: sathyoka msanga, choncho tsigiro likaomba chipika kapena boya (chizindikiro choyandama), nkhonyayo imapita ku kamkono ndi ku thabwa lakumbuyo. Pa tsigiro ikani kabawuti ka nayiloni kothyoka dala, muzinyamulanso tina tapadera. Magiyawa amayambanso kukhwepa pakapita nthawi. Pa iyi kukhwepako kunayamba kumveka chakumapeto kwa nyengo, pang'ono chabe, kosafika posintha mayendedwe a bwato.

Kwa mono kapena catamaran (bwato la matupi awiri) ya 4S ndingaigulenso, ndi botolo la girisi pambali. Kwa bwato lalikulu la 6S ndi kupitirira, kapena la tsigiro lalitali, ndingasankhe ya HV ya mota wa brushless yodyetsedwa 7.4V ndi BEC yakeyake.