Foam wothira m'boti la fibra: ndi wabwino, koma ku Tete kuno muzithira m'mamawa

Ndaupatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Uyu ndi foam wa polyurethane wobwera m'zitini ziwiri, A ndi B, amene umasakaniza muyezo wofanana n'kuthira pansi pa boti. Ndinagula mumzinda wa Tete pokonza boti lakale la fibra (fibreglass) limene ndinagula kwa msodzi wina ku nyanja ya Cahora Bassa. Botilo linkalemera modabwitsa. Pamadzi mutu wake sunkadzuka, injini imangolira, mafuta n'kumangotha.

Titadula popondapo ndi grinder tinaona chimene chinkalemeretsa. Foam wakale anali atada, ukam'finya akuchucha madzi onunkha petulo. Mitanda yamatabwa inali itawola moti sikurudiraiva inkalowa osaikakamiza. Madzi ankalowera m'mabowo a zomangira mipando ndi m'ming'alu, zaka ndi zaka, ndipo akalowa mu foam satulukanso ngakhale uyanike boti padzuwa la October. Ena amati ungoboola pansi madzi atuluke. Ayi ndithu, pamafunika kukumba yense ndi fosholo ndi tchizulo, n'kupala mpaka fibra ioneke.

Tsopano za foam watsopanoyu. Amafufuma kwambiri: lita imodzi yosakaniza imatha kudzaza malo a malita pafupifupi 30 zinthu zikakhala bwino. Akauma ndi wopepuka, wolimba, ndipo amamatirira ku fibra moti popondapo sipachitanso phokoso ukamayenda. Kyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu 30 ndi kanthu, pamene madzi a malo omwewo ndi makilogalamu 1,000. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumagwira boti kuti lisamire likadzaza madzi. Amene anakumanapo ndi mphepo pakati pa nyanja ya Cahora Bassa, kumtunda kuli kutali, ng'ona ndi mvuu zili momwemo, akudziwa kuti si nkhani yamasewera.

Chimene ndachotsera nyenyezi imodzi ndi malangizo a pachitini. Analembera anthu a kumalo ozizira. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye masana mankhwalawa sadikira munthu. Ukangotakasa pang'ono ayamba kale kutuwa, kutentha ndi kukwera m'chidebe, usanafike n'komwe pabowo lothirira. A mestre (mmisiri) amene ankandithandiza, bambo wachikulire wozolowera resina (mankhwala omatira ndi kulimbitsa fibra), ananena mawu amodzi okha: "Mwana wanga, izi n'za m'bandakucha." Tinaika zitini pamthunzi, kuthira dzuwa lisanakwere, pang'onopang'ono, kudikira chigawo chimodzi chimalize kufufuma tisanawonjezere china. Ukathira wambiri pamalo otsekeka amakankha popondapo mpaka kutukumuka, choncho boolani mabowo ena oti wotsalayo azitulukira. Wotulukayo mumangodula ndi sowo akauma, mabowowo n'kuwatseka ndi fibra.

Foam uyu sakonza boti lodontha. Mukathira pamalo onyowa amafufuma moipa, amakhala ndi mapanga, ndipo samata. Ife tinayamba tasintha mitanda yowola, kuikuta ndi fibra ndi resina, kutseka ming'alu yonse, n'kuyala paipi ya PVC pakati kuti madzi olowa mwangozi azitsikira kumbuyo kumene timakapira. Mipando tinamanga ndi zomatira m'mabowo ake. Zimenezi zinatenga nthawi yaitali kuposa kuthirako.

Anzanga ena amalonga zidutswa zoyera za m'makatoni a mafiriji poti n'zaulere. Zimenezo petulo akazikhudza zimasungunuka, resina nayonso imazidya. Mabotolo apulasitiki otseka bwino ndiye bola, ngakhale amagubuduka ndi kusokosa m'kati.

Valani magolovesi ndi zovala zoti simuzifunanso, chifukwa akakuumirani pakhungu sachoka ndi sopo. Fungo lake nalo si labwino m'chifuwa, gwirirani panja.

Mtengo ndi wowawa, ndipo m'sitolomo munali zitini zazikulu zokha. Zikatsegulidwa sizikhalitsa, makamaka mpweya wachinyezi ukalowa, ndiye ngati boti lanu ndi laling'ono gwirizanani ndi mnzanu mugawane. Langa tsopano limadzuka msanga ndi injini yomwe ija, mafuta akupita ochepa, ndipo pokokera kumtunda sitichitanso kuitana mudzi wonse. Ndikadzakonza lina ndidzagulanso yemweyu, koma ntchitoyo ndidzaiika mu June kapena July kukamazizirirako.