DSC ya heat flux ndi DSC ya power compensation: tigule iti?

Funsoli limabuka nthawi zonse labotale ya mapulasitiki kapena ya mankhwala ikapeza ndalama zogulira makina atsopano. Pongowaona, makina awiriwa amagwira ntchito imodzi, ya DSC (differential scanning calorimetry): kuyeza kutentha komwe sampo imamwa kapena kutulutsa ikamatenthetsedwa kapena kuziziritsidwa. Mumaika sampo ya mamiligalamu 5 mpaka 10 m'kambale ka aluminiyamu, pambali pake kambale kena kopanda kanthu, makina n'kumatenthetsa tonse tiwiri, kawirikawiri madigiri 10 pa mphindi, mpweya wa nayitrojeni ukudutsa. Sampo ikamasungunuka imamwa kutentha, ikamaumbika kukhala makhiristo imakutulutsa, ndipo pa galafu zimenezi zimaoneka ngati timapiri ndi timaenje. Pamene asiyana ndi pa njira yoyezera kutenthako.

Mu heat flux timbale tonse timakhala mu ng'anjo imodzi, nthawi zambiri ya siliva, titakhazikika pa kachitsulo kopyapyala kokhala ndi ma thermocouple (tizipangizo toyezera madigiri) kunsi. Sampo ikayamba kusungunuka imatsalira m'mbuyo pang'ono pa madigiri, ndipo kutsalirako ndiko kumene kompyuta imasandutsa mamiliwati. Njirayi ndi mdzukulu wa DTA (differential thermal analysis, njira yakale yongoyeza kusiyana kwa madigiri pakati pa sampo ndi chinthu chofanizira), kudzera pa ganizo la Boersma la mu 1955 loika thermocouple kunja kwa sampo m'malo moimiza m'kati. Ng'anjo imodzi yolemera imagawa kutentha mofanana mbali zonse, n'chifukwa chake baseline yake (mzere womwe galafu imatsata pamene m'sampo simukuchitika kanthu) imakhala yodekha tsiku ndi tsiku. Amene munavutikapo kufunafuna Tg yaing'ono, kakhwerero kamene kamasonyeza pomwe pulasitiki wolimba wayamba kufewa, mukudziwa kuti baseline yokhota imakameza osaonekanso.

Power compensation anaipanga Watson ndi O'Neill ku Perkin-Elmer mu 1962, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1963. Muno muli ting'anjo tiwiri, kalikonse ndi chotenthetsera chake ndi choyezera chake cha pulatinamu. Makinawa salola sampo kutsalira: ikangoyamba kumwa kutentha, amawonjezera magetsi ku kang'anjo kake kuti madigiri afanane ndi a kanzake. Magetsi owonjezerawo ndiwo muyeso. Ting'anjoti n'topepuka kwambiri, motero timatha kutentha ndi kuzizira madigiri mazana angapo pa mphindi, liwiro lomwe ng'anjo yolemera ya siliva ija imavutika kulikwanitsa, makamaka pozizira.

Liwiroli si lokometsera chabe, ndipo apa m'pamene ndimafuna tiganizepo bwino. Tengani pulasitiki wa polypropylene. Mukafuna kudziwa kuti amapanga makhiristo mwachangu bwanji pa madigiri ena ake, muyenera kumusungunula, kenako kumutsitsa msangamsanga kufika pa madigiriwo n'kuima pomwepo. Ng'anjo ikachedwa kuzizira, makhiristo amayamba kuumbika muli pa njira, ndipo chiyambi cha kaphiri kaja, chomwe mumachifunitsitsa, chimatayika. Ku mankhwala nkhani yake ndi yofanana. Mankhwala amodzi amatha kukhala ndi maumbidwe angapo a makhiristo, ndipo ena mwa maumbidwewo ndi osakhazikika. Mukatenthetsa pang'onopang'ono, osakhazikikawo amasintha kukhala okhazikika asanasungunuke, inu n'kulemba m'lipoti zomwe sizinali m'botolo. Mukatenthetsa mothamanga mumawagwira asanasinthe. Pa ntchito ziwirizi ine ndimaima ndi power compensation mosazengereza.

Komabe ting'anjo tiwiri sitingafanane ndendende, ndipo kadothi kakang'ono kogwera m'kamodzi kamasokoneza baseline. Makinawa amafuna munthu wowasamala, woyeza baseline pafupipafupi. Mu labotale yomwe anthu ambiri amasinthana pa makina amodzi, ena ongophunzira kumene, ili ndi vuto lenileni.

Nanga ntchito ya masiku onse? PET (pulasitiki wa mabotolo a zakumwa) wozizitsidwa mwachangu amaonetsa Tg cha pa madigiri 75, amapanga makhiristo cha pa 130, n'kusungunuka cha pa 250. Makina onse awiri amaonetsa zitatuzi bwinobwino pa madigiri 10 pa mphindi. Ngati ntchito yanu ndi yotsimikizira katundu wobwera m'fakitale motsatira ndondomeko zovomerezeka za kayezedwe za ISO 11357 kapena ASTM D3418, heat flux ikukwanirani, ndipo siidzakuvutitsani kwambiri. Heat flux inapezanso mphamvu zina kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene Mike Reading ndi TA Instruments anabweretsa modulated DSC. Njirayi imakweza madigiri mowagwedeza pang'ono, kukwera ndi kutsika ngati mafunde, ndipo imalekanitsa Tg ndi timapiri tina tomwe taiphimba. Imadya nthawi, chifukwa imafuna kutenthetsa pang'onopang'ono, koma pa sampo zosokonekera imathandiza zedi.

Palinso Flash DSC ya Mettler Toledo ya mu 2010, yoyezera pa kachipu ndi kutenthetsa madigiri masauzande pa sekondi. Sampo yake ndi kachidutswa koikidwa poyang'ana pa maikulosikopu. Ndi chida cha ofufuza, sichilowa m'malo mwa awiri aja.

Mukamayesa makina musanagule, musadalire galafu ya m'kabuku ka ogulitsa. Pemphani kuti ayeze chitsulo cha indium pamaso panu: chiyenera kuyamba kusungunuka pa madigiri 156.6, ndi kumwa majulo pafupifupi 28.5 pa galamu. Kenako ayendetse timbale topanda kanthu katatu motsatizana, muone ngati mizere itatuyo ikugwera pamodzi. Pomaliza muwapatse sampo yanu yovuta kwambiri, imene mwaiyeza kale pa TGA (makina oyeza kulemera kwa sampo ikamatenthetsedwa) n'kudziwa madigiri omwe imayamba kuwonongeka, kuti musaipitirire ndi kudetsa ng'anjo ya eni ake.