Sukulu ya national kapena Kamuzu Academy: mwana amalowa bwanji?

Khomo lolowera ku sukulu zogonera za boma zotchedwa national, monga Dedza Government, Blantyre Secondary kapena Lilongwe Girls, ndi limodzi: mayeso a PSLCE omwe MANEB imalembetsa mu Sitandade 8. Mwana salembera kalata sukuluyo, ndipo mphunzitsi wamkulu samuona nkhope. Malikisi ndiwo amamulankhulira. Okhoza kwambiri amasankhidwira ku national, otsatira ku sekondale za m'boma lawo, ambiri ku CDSS, sekondale zoyendera za m'madera. Ubwino wake ndi woti mwana wa mlimi wa ku Nsanje angathe kukagona chipinda chimodzi ndi mwana wa bwana wa ku Area 43. Chimene chimandipweteka n'choti zaka zisanu ndi zitatu za mwana zimaweruzidwa m'masiku ochepa. Akadwala malungo sabata imeneyo, basi, mwayi wapita. Ndipo amene amaphunzira pansi pa mtengo amalemba pepala lomwelo ndi mnzake wa sukulu yolipira.

Ku Kamuzu Academy, yomwe Dr. Hastings Kamuzu Banda anaitsegula mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, nkhani ndi ina. Sukuluyi imalembetsa mayeso akeake olowera, ndipo ana amakonzekera mayeso a Cambridge, IGCSE ndi A Level, osati MSCE. Amaphunziranso Chilatini. Poyamba ana anzeru ochokera m'maboma onse ankaphunzira osalipira, koma lero makolo ambiri amalipira okha, ndipo fizi yake ndi yokwera.

Kholo losapeza bwino, ine ndingalilangize kuika mphamvu zonse pa PSLCE, kuyambira mwana ali Sitandade 6.