Maleotard osoka ndekha, patatha miyezi 10

Dzulo madzulo ndinatulutsa maleotard onse asanu amene ndasokera mwana wanga kuyambira Januwale n'kuwayala pabedi. Mayi wina wa kutchalitchi ali ndi mwana amene wangoyamba kumene gymnastics, ndiye ndinkafuna kuona kuti ndi ati amene ndingamupatse popanda kuchita manyazi. Awiri ndi abwinobwino. Imodzi ingavalidwe ngati munthu sakuyang'anitsitsa. Awiri enawo ngakhale kukolopera sangathandize, chifukwa nsalu yakeyi simwa madzi.

Timakhala ku Johannesburg. Mwanayu ali ndi zaka 9 ndipo amapita kokachita masewerawa kanayi pa sabata. Kwa amene simunachionepo, leotard ndi chovala chothina chonga chosambira, cholumikiza malaya ndi panti. Dzinali linachokera kwa Jules Léotard wa ku France, amene mu 1859 anayamba kuonetsa masewera ouluka pa trapeze (kandodo kolendewera pa zingwe) ku Paris, ngakhale kuti mwiniwakeyo ankachitcha maillot. Kachovala kochepa chonchi, koma mtengo wake m'sitolo umakupweteketsa mutu, ndipo mwana wa msinkhu uwu amakula ngati chimanga cha m'dimba. N'chifukwa chake ndinagula makina a ovaloko (amene amasoka, kudula ndi kupenda m'mphepete mwa nsalu nthawi imodzi) ogwiritsidwapo kale ntchito, a ulusi unayi, kwa mayi wina amene ankatseka shopu yake.

Mwezi woyamba ndinkauza aliyense kuti popanda ovaloko musayerekeze. Lero mawu amenewo ndikuwabweza theka. Kumbali ya msoko, makinawa sindingawanene. M'miyezi 10 palibe msoko wa m'mbali, wa pamapewa kapena wa pakati pa miyendo umene waphwasuka, chikhalirecho mwanayu amadzipinda ngati alibe mafupa. Kachitsulo kotembenuza ka differential feed kamathandiza kuti nsalu isachite mafunde ikamadutsa. Koma Loweruka langa loyamba lonse linathera pa kulowetsa ulusi wa looper ya pansi, kachitsulo kokowa ulusi kunsi kwa nsalu, mpaka ndinanyamula makinawo kupita nawo kwa telala wina wa ku Mangochi amene amasoka pafupi ndi kwathu. Anangoseka. "Achemwali, musamazule ulusi wonse. Mangani watsopano kunsonga kwa wakalewo, muzikoka pang'onopang'ono, ulowa wokha." Chilowereni tsiku limenelo sindinavutikenso. Mpeni wa makinawa ndiwo ulibe chisoni: ukangolola nsalu kupindikira pansi, wadula, ndipo palibe kusomola.

Zoona zake n'zakuti ntchito yovuta ya leotard sichitikira pa ovaloko. Kupinda lasitiki wa m'miyendo, m'khosi ndi m'khwapa, komanso kusokerera zokongoletsa, zonse ndimachitira pa makina anga akale a zigizagi. Amene ali ndi makina a zigizagi ndi singano ya stretch ya 75/11 akhoza kumaliza leotard yonse. Singano wamba imadumphadumpha pa nsalu yotamuka, ndipo mudzatukwana makina osalakwa. Okhawo amene sangathandize ndi makina opalasa akuda aja ngati a amayi anga ku Ntcheu, osoka mzere woongoka basi. Msoko wotero umaduka mwana akangokweza mwendo.

Yoyamba inali yapepo, ndipo inavalidwa milungu itatu yokha. Ndinayeza chifuwa, chiuno ndi m'matako monga ndimachitira posoka diresi, n'kusankha saizi. Patani ndinagula ya Jalie, kampani ya ku Quebec ku Canada imene imaika masaizi ambirimbiri pamodzi, kuyambira a tiana mpaka a akuluakulu. Pa tchati chawo pali muyezo wina wa thunthu umene ndinaudumpha poganiza kuti ndi zongowonjezera. Kutereku ndiye mwini nkhani. Tepi imayambira paphewa, kutsika kutsogolo, kudutsa pakati pa miyendo, kukwera kumsana n'kubwerera paphewa lomwelo. Mwana wanga ndi wowonda koma wamtali thunthu, ndiye leotard inkamukoka m'mapewa kwinaku ikulowa kumbuyo. Ndinamuona ali pa beam, mtanda wopyapyala umene amayendapo, akutsitsa dzanja kukakoka chovala pakati pa masewera. Kochi wake anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti mwana amene akuganiza za chovala sachedwa kugwa. Kuyambira pamenepo m'lifupi ndimatenga saizi ina, m'litali saizi ina, n'kulumikiza mizere ya patani ndi pensulo.

Pa yapepo yomweyi ndinayeserapo zoikapo kachidutswa ka chitenje pachifuwa, kuti anthu adziwe kumene tinachokera. Chitenje ndi thonje lowombedwa, silitamuka. Mwana atangodzipinda chagada kamodzi ndinamva ulusi ukuti thetheee. Chitenjecho chinakathera pa chomangira tsitsi ndi kachikwama ka choko chopaka m'manja, ndipo kumeneko chikukhala bwino mpaka lero.

Yachiwiri ndi yakuda, yopanda chokongoletsa chilichonse, ndipo ndi imene yandichititsa manyazi pa zonse zimene ndinkakhulupirira. Nsalu yake ndi nayiloni 80 pa 100 ndi spandex (ulusi wotamuka) 20 pa 100, yotamuka mbali zonse. M'mashopu a nsalu a ku Fordsburg mukangoti lycra amakumvani, ngakhale Lycra ndi dzina la malonda chabe la ulusi umene Joseph Shivers anapanga ku DuPont mu 1958. Leotard imeneyi yavalidwa kawiri kapena katatu sabata iliyonse kuyambira Febuluwale. Yadya choko, yadya thukuta, yagonapo m'chikwama yonyowa mpaka Lolemba. Dzulo nditaiyang'anitsitsa pawindo ndinangopeza timabulu tochepa kumatako, pamene amakhalira pa mati. Basi.

Chinsinsi chake ndikuganiza kuti ndi lasitiki. Ndinaika wa zovala zosambira, wa mamilimita 6, amene sakomoka ndi thukuta. Kaikidwe kakenso ndinaphunzira movutika: kutsogolo kwa mwendo sumukoka kwenikweni, kumbuyo ndiye umamukoka ndithu kuti nsalu igwire thako. Ukamukoka mofanana kuzungulira konse, kutsogolo kumaluma mwana m'mphechepeche pamene kumbuyo kukuyasama. Ndimayamba ndamusokerera m'kati, kenaka n'kupinda kamodzi, n'kudutsanso ndi zigizagi pamwamba.

Pa yachitatu ndinaumira. Lasitiki wabwinoyo anali atatha, ndiye ndinatenga woyera wamba amene ndimaika m'masiketi. Patatha miyezi inayi m'miyendo munali mutachita mafunde ngati masamba a letesi. Kusomola zigizagi pa nsalu yotamuka ndi chilango chimene sindingafunire mdani wanga. Ndinakhala usiku wonse ndi kosomolera, magalasi ali pamphuno.

Yachitatuyo ndi yabuluu yonyezimira, ya nsalu ya foil. Tsiku limene ndinaimaliza mwana anakana kuivula, anadyera nayo nsima. Anzake ku gym anamuzungulira, ndipo amayi awiri anandifunsa ngati ndimalandira maoda. Ndikanalemba ndemanga sabata imeneyo ndikanati aliyense agule nsalu imeneyi. Koma kunyezimirako si ulusi, ndi kachikopa kopyapyala komatidwa pamwamba, ndipo chilichonse chokhula chimakasenda. Mwezi wachitatu usanathe panali patachita dazi kutsogolo kwa chiuno, pamene thupi limatsamira pa bar, mtanda wolendewerapo, akamazungulira. Kenaka m'khwapa, kenaka kumatako. Pano ikuoneka ngati galimoto imene yakhalitsa padzuwa. Foil sikhululukanso singano: bowo lililonse limatsala, ngakhale la phini, moti ndimagwirira ndi timapegi m'malo mwa mapini. Ndikadzaigulanso idzakhala ya timizere ta pamapewa ndi m'mikono, malo osakhulana ndi kanthu.

Imene inandidyera nthawi ndi ya mpikisano, yofiira ndi yoyera, ya mikono yayitali. Ndisanadule ndinawerenga malamulo a FIG, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse. Nsalu isaonekere m'kati, khosi lisatsike kupitirira pakati pa fupa la pachifuwa, kumsana lisapitirire m'munsi mwa mafupa a mapewa, ndipo m'miyendo musadulidwe mokwera kupitirira fupa la m'chiuno. Mipikisano ya ana ili ndi malamulo akenso ndipo makalabu ena amafuna yunifolomu, choncho funsani kochi musanaononge nsalu. Mbali yoyera ndinaiika nsalu ina m'kati, chifukwa choyera chikanyowa ndi thukuta chimaulula zonse.

Mwana anali ataonera Simone Biles ndi anzake a ku America pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, atavala maleotard a kampani ya GK Elite odzaza timiyala ta Swarovski masauzande. "Amayi, inenso yanga iziwala choncho." Ndinamuuza kuti Kaylia Nemour wa ku Algeria, amene anabweretsa mendulo yoyamba ya gymnastics ya Olimpiki ku Africa, golide wake anamupata ndi manja pa bar osati ndi timiyala. Sanandimve. Ndinagula timiyala ta hotfix, tokhala ndi guluu kumsana kwake amene amasungunuka ndi kutentha, ta saizi ya ss10 ndi ss16, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 3 ndi 4. Ndinamata 320, kamodzikamodzi, ndi simbi ndi pepala lophikira makeke.

Dzulo ndinawerenga mipata. Tathothoka 47, ndipo malo amene tathothokera akuphunzitsa zambiri. Tonse timene ndinamata pa nayiloni wamba, m'munsi mwa khosi pamene nsalu sikokeka kwambiri, tilipo. Timene ndinamata pa kamzere ka foil tinachoka pamodzi ndi foil yakeyo, chifukwa guluu anagwira kachikopa kaja osati nsalu. Ta pa mesh (nsalu ya timabowo) ya m'mikono guluu wake anadutsa m'mabowo n'kukamata pa bolodi. Ta m'mbali mwa chifuwa tinadumpha tsiku loyamba povala, chifukwa ndinamata nsalu ili yokhwefuka, ndiye itakokeka pathupi timiyala tinalibe potamukira. Pano ndimaveka leotard pa katoni kuti ikokeke pang'ono ndisanamate, ndipo ndikamaliza ndimaitembenuza n'kudindanso m'kati. Vuto lina ndi moto. Guluuyu amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 150, pamene nayiloni amapsa msanga. Kuseri kwa phewa lamanzere kuli chizindikiro cha nsonga ya simbi yanga, chosachoka, chimene tsitsi la mwana limabisa ngati walimanga motsika.

Koma chimene chinaipha si timiyala. Mwana atabwerako ku mpikisano wachiwiri, mng'ono wanga amene anali atabwera kudzacheza anafuna kundithandiza. Anachita monga tonse tinaphunzitsidwira kwathu: anainyika m'beseni ndi sopo wa ufa kuti igone m'madzi, litsiro lifewe. Kutacha, choyera chonse chinali pinki. Anapepesa mpaka ine ndinayamba kumupepesa. Sindinamuuze, ndiye akanadziwa bwanji? Leotard imachapidwa yokha, yotembenuza, m'madzi ozizira ndi kasopo kochepa, mphindi zowerengeka. Osanyika, osafinya mopotokola, osathira mankhwala ofewetsa zovala chifukwa amafooketsa spandex. Umaikulunga m'thaulo kuti madzi achoke n'kuiyanika pamthunzi. Mpweya wa kuno ndi wouma, moti ukachapa madzulo m'mawa yauma. Pinkiyo mwana akuti akuikonda kuposa kale, ine ndimayang'ana kumbali.

Yachisanu inabwera chifukwa cha agogo ake. Ndinawatumizira kanema wa mpikisano pa WhatsApp ndili ndi chimwemwe, koma yankho linabwera la mawu, lalitali. "Mwanawe, mdzukulu wanga akutembenuzika bwino, koma zimenezi wavalazi n'zovala? Pagulu pali azibambo pamenepo." Poyamba ndinaseka, koma mwana mwiniwake anali atandiuzapo kuti amachita manyazi akamatambasula miyendo pamaso pa anthu. Ndinamuonetsa zithunzi za Sarah Voss wa ku Germany, amene mu Epulo 2021 anavala chovala chofika m'akakolo pa mpikisano wa ku Ulaya ku Basel, ndipo timu yawo inavalanso choncho pa Olimpiki ya ku Tokyo chaka chomwecho. Malamulo amalola. Ndinasoka yamtambo wakuda, ya nsalu yofanana ndi yakuda ija, yofika m'akakolo. Imadya nsalu yambiri ndipo msoko wa m'kati mwa miyendo umafuna ovaloko yeniyeni, apa pokha ndiye makinawa anadzilipira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene gym imazizira ngati fuliji, sankafuna kuvala ina. M'mawondo mwayamba kuyera chifukwa chogwada pa mati, koma msoko uli nji. Agogo nawo anakhutira, ngakhale anafunsabe ngati sizingatheke kuikapo kasiketi.

Nanga ndalama ndapulumutsa? Pa maleotard ophunzirira, inde, ndipo kwambiri. Mita imodzi ya nsalu imatulutsa awiri opanda mikono a msinkhu wa mwanayu n'kutsalako, ndipo pano imodzi ndimaimaliza madzulo amodzi. Pa ya mpikisano sindinganame. Ndikaphatikiza timiyala, mesh, nsalu ya m'kati, imene ndinaononga ndi mpeni wa ovaloko, ndi masiku anayi ogona mochedwa, kusiyana kwake ndi ya m'sitolo n'kochepa. Amayi aja a maoda ndinawakana. Kusokera mwana wako amene ungamuyeze kasanu akudya chakudya cham'mawa n'kosiyana ndi kusokera mwana wa eni amene umamuona kamodzi.

Mwana wa kutchalitchi uja atenga yakuda. Wanga ndinamuyezanso Lamlungu, ndipo muyezo wa thunthu wakwera ndi masentimita 4 kuyambira Januwale, moti yayitali ija nayonso yayamba kumukoka m'mapewa. Nsalu yakuda ndagula kale, lasitiki wa zosambira ndatenga mpukutu wonse kuti asadzandithere pakati pa ntchito. Iye akufuna timiyala. Tagwirizana 30, m'munsi mwa khosi mokha.